Musanadule kapena kutsitsa njinga yanu yamoto, tamverani izi

Awa ndi mawu omwe membala mnzathu, yemwe amakonza njinga zamoto, adayankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi ku Mongue. Tawalemba m'mene adawayankhulira kuti omwe sadabwere nawonso apindule.

 Ine ntchito yanga ndi ya sipanala, choncho sinditalikitsa ngati mlaliki. Nkhani yomwe mwandipatsa ndi ya kusintha njinga zamoto: kuzitsitsa, kuzidula, kuziwotcherera komanso kudzutsa zomwe zidafa kale.

Tonse tikudziwa kuti kuno ku Mongue njinga yamoto si choseweretsa. Ndiyo ngolo yathu, ndiyo basi yathu, ndiyonso ambulasi yathu. Mayi akayamba kudwala usiku, timagogoda kwa mnyamata wa kabaza. Nandolo ndi chimanga zikamapita ku Milange kapena ku Muloza, zimakwera pomwepo. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi njinga zakapalasa, lero ikugwiridwa ndi ma Lifo, ma Lifan ndi ma Boxer. Ndiye munthu akasintha kanthu pa njinga yake, asaganize kuti ndi nkhani ya iye yekha ayi. Ikukhudzanso amene adzakwere kumbuyo.

Poyamba tidziwe chomwe tili nacho m'manja. Njinga zambiri zochokera ku China zomwe timakwera kuno, injini yake adatengera ya Honda CG125, yomwe idatuluka m'chaka cha 1975. A Honda adaipangira dala maiko onga athu ano, kumene kuli fumbi, katundu wolemera ndi anthu ochedwa kusintha oyilo. Adafuna injini yopirira, osati yothamanga. Ndi bulu ameneyu, abale anga, si kalulu. Vuto limayamba pamene tikufuna bulu asanduke kalulu.

Tiyambe ndi kutsitsa. Anyamata athu amaona pa foni njinga za mpikisano wa MotoGP, zogona pansi, woyendetsa atagwada ngati akupemphera, ndiye amasirira. Amabwera kudzati: "Achimwene, tandidulireni masipuling'i a shokapu, mafoloko akutsogolo muwakwezere m'mwamba kuti itsike." Inde, imaoneka bwino ikaima pa msika. Koma njinga za mpikisano zija zimayenda pa tala wosalala, popanda dzenje, popanda mbuzi, popanda thumba la chimanga. Ife misewu yathu mukuidziwa m'mene imakhalira mvula ikagwa. Mpata uja wa pakati pa injini ndi nthaka ndiwo umakupulumutsani pa miyala ndi m'makwawa. Mukauchepetsa, pansi pa injini pamagunda mwala, pamang'aluka, oyilo n'kutayika inu osadziwa, kenako injini n'kugwira muli pakati pa ulendo.

Chachiwiri, shokapu yodulidwa sikhalanso ndi malo opumira. Mukagwera m'dzenje imafika pothera, chitsulo n'kugunda chitsulo, tayala n'kudumpha. Tayala likakhala m'mwamba, ngakhale mutaponda buleki, palibe chogwira. Pokhota napo, popondera mapazi pamakhula pansi msanga, njinga n'kukutayani. Ngakhale sitandi ya pambali imakhala yaitali kuposa muyeso, njinga imaima chilili, kamphepo kokha kakhoza kuigwetsa. Ngati vuto lanu ndi lakuti ndinu wamfupi ndipo mapazi safika pansi, pali njira yabwino: kasendeni siponji ya chishalo pang'ono. Mumatsika inu, njinga osaikhudza.

Tsopano za ekisozi. Ena amachotsa zam'kati kuti izilira kwambiri, amati ndiye kuti yawonjezera mphamvu. Phokoso si mphamvu. Kabureta adaitchera mogwirizana ndi ekisozi yomwe idabwera nayo. Mukaboola, kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo kamasokonekera, kawirikawiri petulo amachepa, injini imatentha kwambiri ndipo mavavu amapsa. Mukafuna umboni, masulani pulagi. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Ikayera mbee, injini ikupsa. Ikada ndi mwaye, mukuwononga petulo. Komanso tiganizire odwala ndi makanda omwe timawadzidzimutsa usiku.

Choopsa kwambiri ndi kuchotsa sefa ya mpweya poganiza kuti injini ipume bwino. Fumbi la mwezi wa Okutobala likalowa mu injini limagwira ntchito ngati sandipepa. Limadya malingi ndi pisitoni, ndipo posakhalitsa njinga imayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo. Sefa ya siponji ndi yongochapa, kuyanika, kupaka oyilo pang'ono n'kubwezera. Simulipira aliyense.

Sindikunena kuti kusintha kulikonse n'koipa. Kwa inu onyamula katundu m'zitunda, kuika sipuloketi ya kumbuyo ya mano ochulukirapo pang'ono ndi nzeru. Liwiro limachepa koma mphamvu yokoka imachuluka, kilachi siivutika pochoka. Kungoti posintha, sinthani zonse zitatu pamodzi: tcheni ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa chakale chimadya chatsopano. Tcheni musachikoke ngati chingwe cha gitala, chizisewera masentimita awiri kapena atatu. Kuika chitsulo choteteza pansi pa injini ndi zitsulo zoteteza miyendo, zimenezonso ndi zabwino.

Pa kaliyala ndiye tiyankhulane bwino. Timawotcherera zitsulo zazitali kumbuyo kuti matumba achuluke. Tawerengani nane. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Matumba anayi ndi 200, osawerengera woyendetsa, pomwe njinga yeniyeniyo imangopitirira pang'ono makilogalamu 100. Katundu akakhala kumbuyo kwa tayala, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kugwedezeka chokha. Kaliyala mwailimbitsa, inde, koma mabuleki ndi omwe aja, masipoko ndi omwe aja, felemu ndi yomwe ija. Felemu imayamba kung'aluka pafupi ndi pomwe mudawotcherera, pansi pa chishalo pomwe simuona. Kuyenda maulendo awiri kumadya petulo, koma ulendo umodzi wothera m'chipatala umadya njinga, katundu ndi mwendo. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mudziwenso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti muime mutagwira buleki umawirikiza kanayi.

Kwa anzanga owotcherera, mawu awiri. Chotsani waya wa batire musanayambe, kuti musaphe zamagetsi. Ndipo thanki ya petulo musaiyandikize moto pongoti mwakhuthula. Chomwe chimaphulika ndi mpweya wotsalira m'katimo, ndipo thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kuposa yodzaza.

Ndifike ku nkhani yomwe ndimaikonda, yodzutsa njinga zakale. M'makhonde mwathumu muli ma Yamaha DT 125 ndi ma Honda XL omwe ankayendera alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe, lero nkhuku zikuikirapo mazira. Zambiri mwa njinga zimenezi sizidafe, zidangogona. Musathamangire kugula penti. Yambani ndi kuona ngati injini ikuzungulira komanso ngati kiki ikulimba poponda. Onani ngati pulagi ikutulutsa moto. Tsukani thanki ndi kabureta, chifukwa petulo wokhalitsa amasanduka ngati phula n'kutseka timabowo. Kenako mabuleki, mabelingi ndi matayala. Tayala lokhalitsa limang'aluka m'mbali ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Penti ibwere pomaliza. DT injini yake ndi ya mtundu wina, imafuna oyilo wa 2T woyaka pamodzi ndi petulo. Mukaiyendetsa wopanda oyilo ameneyu, simufika patali. Pa njinga zinazi, gulani oyilo wa njinga zamoto, chifukwa oyilo wina wa galimoto amatereretsa kilachi.

Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy, yemwe adalowera kufupi ndi Quelimane mu Malichi 2023 n'kusakaza kuno ku Zambezia ndi kutsidya ku Mulanje ndi Phalombe. Phunziro lake kwa eni njinga ndi ili: njinga ikamira m'madzi, musailize. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye akakhala pamwamba pa pisitoni inu n'kukakamiza, chitsulo cham'kati chimapindika. Chotsani pulagi, pondani kiki kuti madzi atuluke, khuthulani kabureta, yanikani sefa, sinthani oyilo. Oyilo akaoneka ngati mkaka, ndiye kuti madzi akadalimo, sinthaninso.

Za mapepala musazinyoze. Nambala ya felemu ndi ya injini zomwe zili pa njinga zizigwirizana ndi zomwe zidalembedwa mu livrete. Popala dzimbiri musafufute nambala, ndipo powotcherera musaikwirire. Mukafuna kusintha injini kapena mtundu wa penti, kafunseni kaye ku ofesi yoona za pamsewu. Safunsa adadya phula. Ife tili m'malire, ndipo injini zotchipa zimabwera kuchokera mbali zonse ziwiri. Munthu akakugulitsani injini yofufutidwa nambala, mwagula mlandu. Lemberanani kalata pamaso pa mboni.

Pomaliza, chisoti. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Lamulo la pamsewu la dziko lathu la Mozambique limati woyendetsa ndi wokwera onse avale chisoti. Ndimadabwa kuona mnyamata ali ndi ndalama yogulira timagetsi tamitundumitundu ndi wailesi ya pa njinga, koma ya chisoti alibe. Chisoti chopachika pa chiwongolero chimateteza chiwongolero. Chivaleni ndipo mumange lamba wake.

Pempho langa kwa kalabu ndi ili. Amayi, inu ndinu makasitomala, muli ndi mphamvu. Njinga yopanda galasi, yopanda buleki ya kutsogolo, yogona pansi ngati bakha, ikaneni. Mukaikana kawiri katatu, mwini wake adzaikonza yekha. Abambo amene mudagulitsa fodya kapena soya n'kugulira mwana njinga, muli ndi ufulu wofunsa chomwe wachotsapo. Mafumu athu, tithandizeni kuitana anyamata a pa siteji kuti tidzakhale nawo pansi, ndidzabwere ndi zida tidzaonere limodzi njinga imodziimodzi. Ndipo a komiti, nkhaniyi muitumize ku wailesi kuti anzathu a ku Majaua ndi midzi ina aimve, nawonso atiuze zomwe akuona kwawo.

Amene ali ndi mafunso afunse, ndilipo.