Paipi ya Mpweya Siipha Munthu: Mau a pa Msonkhano wa Nthambi

Nkhani yathu lero ndi mphekesera imene yafala m'midzi muno, yakuti wodwala akamuika pa paipi ya mpweya ku cipatala, ndiye kuti kwace kwatha. Ena afika pokaniza anamwino, ena pothawitsa mwana usiku. Mphekesera imeneyi ikutiphetsa, abale.

Tiyambe tamva kumene cinacokera cipinda ca odwala mwakayakaya, cimene madokotala amacicha ICU. M'caka ca 1952 mliri wa poliyo unagwa mu mzinda wa Copenhagen, m'dziko la Denmark. Poliyo ikakula imapuwalitsa ngakhale minofu yopumira. Pa cipatala ca Blegdam, mwa odwala 31 oyamba amene analephera kupuma, 27 anamwalira. Dokotala wina, dzina lace Bjørn Ibsen, anaona kuti cikuwapha anthuwo ndico kusowa wowapumitsa. Analangiza kuti awaboole pa khosi, alowetsepo paipi, ndipo munthu azifinya thumba la mphira kuti mpweya uzilowa m'mapapo. Makina anali osakwanira. Cotero anaitana ophunzira udokotala mazanamazana, amene anakhala pambali pa makama, nafinya matumbawo ndi manja ao, mosinthana, usana ndi usiku, kwa miyezi. Pa odwala 10 ali onse, ofa anatsika kucokera pa 9 kufika pa 4. M'caka ca 1953 Ibsen anatsegula cipinda coyamba ca mtundu umenewu.

Mwaonatu nchito ya paipi. Imamgwirira munthu nchito yopuma kufikira mankhwala atagonjetsa nthenda, monga momwe timalimira munda wa mnzathu akagona pa mphasa. Lero thumba lija analisandutsa makina, koma maso a munthu akadafunikabe: m'cipinda cimeneci namwino amayang'anira wodwala mmodzi kapena awiri okha, ndipo sacokapo.

Tisasokoneze zinthu ziwiri. Makina opumitsa munthu ali m'zipatala zazikuru, monga ku Gulupu ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu, ndipo makama ace ndi ocepa kwambiri. Kapaipi ka m'mphuno, kamene ambiri a ife timakaopa, ndi kena; kamapezeka ngakhale ku cipatala ca pa boma. Kamangoonjezera okosijeni, amene ali kale mu mpweya umene tikupuma pansi pa mtengo uno, magawo 21 pa 100. Akanakhala ciphe, tikanatha tonse kalekale.

Wina afunsa, nanga bwanji ena amafa ali pa paipi? Inde amafa, sitikana. Koma tawerengani masiku. Mwana wadwala cibayo Lolemba, tiyesa mizu Laciwiri, tidikira amalume ace kuti abvomereze, ndipo tifika ku cipatala Loweruka mwana atalefukiratu. Paipi ndiyo imafika pomariza, ndipo ife timaisenzetsa mlandu wa masiku asanu aja.

Tsono gwirani izi. Mwana akagona cete, werengani kupuma kwace pa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 kufikira 11 akafika pa 50, kapena wa caka cimodzi kufikira zaka 5 akafika pa 40, nyamukani tsiku lomwelo. Nthiti zikamalowa m'kati, akakana kuyamwa, akakomoka, kapena akalephera kudzuka, musadikire kuti kuce. Wamkuru naye akamabanika, kapena akayamba kubwebweta ndi malungo, ulendo ndi womwewo. Amalume adzamva m'mawa.

Mukafika, anamwino amapanitsa kacipangizo pa cala coonetsa okosijeni wa m'magazi. Pemphani kuti akuonetseni nambala yace. Ikatsika pansi pa 90, wodwala afunika paipi. Khalani pomwepo muone nokha nambalayo ikukwera.

Tisanabalalike, mlembi alemba maina a onse amene ali ndi njinga, njinga yamoto kapena ngolo, ndi mudzi wa ali yense, kuti tidziwe khomo logogoda usiku.