Chidulo, Mandimu ndi Chidede: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale



Ambiri mwa ife tinangoloweza kuti asidi amafiiritsa pepala la litimasi, koma pepalalo sitinaligwirepo. Ana athu kuno ku Mtsiliza asaphunzirenso motero, chifukwa zipangizo zake zili m'khichini mwa amai awo.

Mandimu, bwemba ndi malambe n'zowawasa chifukwa zili ndi asidi. Soda ndi chidulo, madzi a phulusa aja timaphikira therere, zili mbali ina, ya alikali. Mphamvu za mbali ziwirizi timaziyeza ndi muyeso wa pH, woyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi oyera ali pa 7, madzi a mandimu pafupi ndi 2, soda pafupi ndi 8, ndipo chidulo chimaposa pamenepo. Muyesowu anaupeza ndi Søren Sørensen m'chaka cha 1909 ku Copenhagen, m'labotale ya Carlsberg, kampani yomwe ija inatsegula fakitale ya mowa ku Blantyre mu 1968.

Nanga litimasi timutenga kuti? Tengani chidede chofiira, muchiviike m'madzi otentha, musefe, mugawe m'matambula atatu. M'tambula yoyamba finyiranimo ndimu. Madzi afiira kwambiri. Yachiwiri muisiye choncho kuti muziyerekezera. M'yachitatu thiranimo chidulo. Madzi asanduka obiriwira. Kenaka donthezerani ndimu m'madzi obiriwirawo mpaka kufiira kubwerere. Pamenepo mwana waona ndi maso ake kuti asidi ndi alikali zimathetsana mphamvu. Ndi m'mene mankhwala a chilungulira amagwirira ntchito m'mimba, ndiponso laimu m'munda umene nthaka yake yachuluka asidi.

Mwana wodziwa zimenezi adzamvetsanso chifukwa chake azaumoyo amati tisachulutse soda m'ndiwo zamasamba: alikali amaononga mavitamini C ndi B1. Adzadziwanso kuti caustic soda wopangira sopo si soda wophikira. Ameneyo amaotcha khungu ndi kummero, choncho asasungidwe m'botolo la zakumwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Tisonkhe ndalama za matambula ndi chidede, ndipo tisankhe anzathu anai oti akathandize aphunzitsi a sayansi Loweruka limodzi pa teremu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.