Mau kwa Alimi: Kaleredwe ka Mtengo wa Mapulamu

Mlimi ali yense adziwa kuti cimanga cikacuruka pa phando limodzi sicibala bwino, ndipo cifukwa cace amacipatulira. Lamulo lomweli ligwiranso pa mtengo wa mapulamu, cipatso ca pa cibale ndi mapichesi, cimene cikonda malo okwera ndi ozizira.

Cakudya ca zipatso cipangidwa m'masamba ndi mphamvu ya dzuwa. Mtengo ukabala mopitirira, cakudyaco cigawanika monga nsima yocepa pa ana ambiri. Zipatso zikhala zazing'ono ndi zowawasa, nthambi zithyoka, ndipo caka cotsatira mtengo ungabale pang'ono cabe. Mapulamu a mtundu wa ku Japan, monga Santa Rosa amene Luther Burbank anaturutsa ku California m'caka ca 1906, ndiwo abala mopitirira kawiri kawiri.

Cotero mlimi ayenera kupatulira zipatso ndi manja pakapita masabata 4 kufikira 6 citaphukire maluwa, njere isanalimbe. Ayambe kucotsa zolumidwa ndi tizirombo ndi zofooka, nasiye mpata wa masentimita 10 kufikira 15, ndiwo ngati utali wa cikhato, pakati pa cipatso ndi cinzace. Akacedwa, mphamvu ya mtengo yatha kale pa zipatso zokataya. Asacotsenso zambiri koposa, pakuti zokolola zidzacepa.

Caciwiri ndico maonekedwe a mtengo. Pobzala, mlimi adule kamtengoko pa msinkhu wa masentimita 60. Pa nthambi zophuka asankhe 3 kapena 4 zopenya mbali zosiyana, nacotse ya pakati, kuti mtengo ukhale ngati dengu. Caka ndi caka, m'miyezi ya June ndi July masamba atayoyoka, adulire nthambi zouma ndi zolowa m'kati. Dzuwa likafika ponse, zipatso zifiira bwino ndi kutsekemera. Za mumthunzi zikhala zotuwa.

M'minda yaikuru amamangirira mitengo pa mawaya. Njira ina yotere inayamba ku Tatura, m'dziko la Australia, m'zaka za 1970: nthambi zipatukana mbali ziwiri ngati phanda. Mitengo yotere ifulumira kubala zambiri, koma nsanamira ndi mawaya zidya ndalama. Kwa mlimi wa mitengo yowerengeka pakhomo, dengu lija likwana.

Wogula pa msika apereka ndalama zabwino pa cipatso cacikuru ndi cotsekemera, ndipo tating'ono atipitirira. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: mtengo wolekereredwa zaka zitatu zoyamba ubvuta kuongola pambuyo pace.