KUTENTHA M'CHIPINDA CHA MASEVA: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka

 Komiti inandipempha kuti ndinenepo za ntchito imene ndimagwira m'boma. Ndasankha nkhani imodzi yokha: kutentha m'chipinda cha maseva, makompyuta aja amene amasunga malipiro a ogwira ntchito, mafaelo a odwala ndi ndalama za kubanki.

Tiyambire pa zimene tinaphunzira mu Physical Science: mphamvu siitayika, imangosintha. Magetsi olowa mu seva amatuluka ngati kutentha. Kabati ya maseva yodya makilowati 10 ikufanana ndi mbaula zamagetsi 10 za kilowati imodzi imodzi, zoyaka usana ndi usiku m'chipinda chotseka. N'chifukwa chake maseva amandandalikidwa m'mizere, kuti mpweya wozizira uzilowera kumaso, wotentha uzitulukira kumbuyo, osasakanikirana. Bungwe la akatswiri lotchedwa ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowawo uzikhala pakati pa madigiri 18 ndi 27. Makina oziziritsa akaima, kutentha kumakwera m'mphindi zochepa chabe. Maseva amayamba kugwira ntchito mochedwa, kenaka amadzizimitsa okha, ndipo ena amaonongekeratu.

Wina angaganize kuti awa ndi mavuto a maiko osauka. Ayi ndithu. Pa 19 July 2022 kutentha ku Britain kunapitirira madigiri 40 koyamba chiyambire kulemba za nyengo. Tsiku lomwelo zoziziritsa zinalephera m'ma data centre a Google ndi Oracle ku London, ndipo makampaniwo anazimitsa ena mwa makina ao kuti asaonongeke. Zipatala za Guy's ndi St Thomas' zinali ndi zipinda ziwiri za maseva, china choti chizithandiza chinzake chikagwa. Koma zonse zinali mumzinda umodzi, pansi pa dzuwa limodzi, ndipo zinagwa tsiku limodzi. Madokotala ndi manesi anabwerera ku pepala ndi cholembera kwa masabata angapo, odwala ena anauzidwa kuti abwere tsiku lina, ndipo kukonza zinthu kunadya mapaundi 1.4 miliyoni.

Nthawi zina vuto silichokera kudzuwa. Pa 14 October 2023 ku Singapore, amisiri amene ankakonza zoziziritsa pa data centre ya Equinix anatseka molakwa njira ya madzi ozizira. Mabanki a DBS ndi Citibank anakhudzidwa, ndipo kunalephereka kulipira kapena kutapa ndalama maulendo pafupifupi 2.5 miliyoni.

Ngati zinatere kumeneko, nanga kwathu kuno, kumene October amawamba chaka ndi chaka ndipo magetsi amatha kuzima? M'maofesi ambiri amene ndayendamo seva imakhala m'kachipinda kamene kale kanali sitolo, muli eyakondishoni imodzi, pambali pali makatoni a mafaelo. Zofunika kuchita si zozizwitsa, ndipo ndizitchula zisanu.

Choyamba, eyakondishoni zikhale ziwiri, iliyonse yokwanira kuziziritsa chipinda payokha, ndipo zizisinthana kuti tizidziwa kuti zonse n'zamoyo. Chachiwiri, jenereta isamangodyetsa maseva. Batire ya UPS imasunga seva ili moyo magetsi akazima, koma eyakondishoni ikaima, sevayo imangodziphika yokha. Chachitatu, sefa wa mpweya ndi makina a panja azitsukidwa chilimwe chisanafike, pakuti fumbi ndi masamba zimatseka njira yotayira kutentha. Chachinayi, m'chipindamo mukhale choyezera kutentha chotumiza uthenga pafoni ya munthu amene angadzuke usiku kapena Lamlungu. Chachisanu, palembedwe papepala dzina la woyenera kulamula kuti maseva azimitsidwe, ndi ndondomeko ya oyamba kuzima ndi otsiriza. Chipinda chikatentha si nthawi yodikira bwana amene ali kumaliro kumudzi. Seva yozimitsidwa bwino imadzukanso mawa. Yopsa imapita ndi mafaelo ake. Ndipo kope la mafaelowo lisungidwe kutali, kumene moto, kutentha kapena kuzima kwa magetsi kwa pano sikungafike.

Anzanga, ambiri mwa inu simugwira seva, koma ndinu amene mumasaina bajeti m'masukulu, m'zipatala, m'mabanki ndi m'maofesi. Ndalama zikachepa, yoyamba kudulidwa imakhala ya kukonzetsa eyakondishoni, chifukwa imaoneka ngati yosangalatsa thupi. Ya m'chipinda cha maseva si yosangalatsa thupi. Pamenepo pagona malipiro a mphunzitsi ndi mankhwala a wodwala. Akuluakulu anati likaomba otheratu. Lolemba likubwerali pitani mukatsegule chipindacho, mukafunse mnyamata wa makompyuta kuti, "Iyi ikaima usiku uno, tichita chiyani?" Akakhala chete, musamukalipire, khalani naye pansi mulembe yankho pamodzi.