Digiri M'manja, Ntchito Osaoneka: Mawu a pa Msonkhano wa Ophunzira Akale



Mwandipempha kuti ndilankhuleko kwa ang'ono athu amene akutsiriza maphunziro a zamalamulo ndipo mitima ili m'mwamba poganiza za ntchito. Ndiyambe ndi za ine mwini.

Ndinatsiriza digiri yanga ku Chancellor College ku Zomba m'chaka cha 2005, chaka cha njala chija. Tsiku lovala mikanjo mu Great Hall, amayi analulutira mpaka mawu kusasa. Kumudzi anali atalengeza kale kuti mwana wawo ndi loya, osadziwa kuti m'thumba mwanga munalibe ndi ya minibasi yomwe.

Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinkagona pabalaza kwa amalume ku Ndirande. M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kukasiya makalata m'maofesi a maloya mu Blantyre ndi ku Limbe. Yankho linali limodzi: "Tikuimbirani." Usiku tulo sitinkabwera. Ndinkangoganiza za fizi ya mlongo wanga ndi mbuzi zimene abambo anagulitsa kuti ndiphunzire.

Kulakwa kwanga kunali kwakuti maso anga anali pa makampani otchuka okha. Nditatopa, ndinafunsira ntchito ku Unduna wa Zachilungamo, m'dipatimenti yoimira anthu osauka pa milandu, imene ntchito yake lero ikugwiridwa ndi Legal Aid Bureau. Malipiro anali ochepa, koma m'khoti ndinkalowa pafupifupi tsiku lililonse. Woyamba kumuimira anali mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake anamulanda nyumba. Atabwezeredwa makiyi, ndinazindikira chimene ndinaphunzirira. Mpaka lero ndili m'boma.

Choncho ang'ono anga, musanyoze khomo laling'ono. Kuli ofesi ya Ombudsman, Anti-Corruption Bureau, Law Commission ndi makhoti a majisitireti m'maboma akutali monga Chitipa ndi Nsanje. Podikira, dziperekeni kuthandiza kwaulere kuti maluso anu aoneke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo kwa ife akuluakulu: pamene ine ndinkazunzika m'misewu, ophunzira akale a sukulu ino analimo m'maofesiwo, koma sitinkadziwana. Zimenezi zisachitikenso. Aliyense amene angathe kutenga wachinyamata mmodzi kuti azimuphunzitsa ntchito, apereke dzina lake kwa a Mlembi tisanabalalike.