Chikomekome cha Nkuyu: Mawu pa Ntchito Yokonzanso Galimoto Yakale

 Lero ndikupemphani kuti m'maganizo mwathu tiyende ulendo wautali ndithu, mpaka ku dziko la England. Kumeneko tikaima m'kagaraja ka pambali pa nyumba ya munthu wamba, m'mene mwaima galimoto yakale yodyeka ndi dzimbiri, imene mwini wake walonjeza kuti adzaiwukitsa ndi manja ake. Anthu otere ngambiri m'dziko lija. Masana amagwira ntchito zawo, madzulo ndi Loweruka amavala ovololo nalowa pansi pa galimoto.

Galimoto imene ndasankha kukambapo dzina lake ndi MGB. Ndi yaing'ono, ya mipando iwiri, ya denga lansalu lopinda. Adayamba kuipanga m'chaka cha 1962 m'tauni ya Abingdon, kufupi ndi Oxford, ndipo yotsiriza idatuluka m'mwezi wa October 1980, pamene fakitale ija idatsekedwa. M'zaka 18 zimenezo adapanga zopitirira 500,000, ndipo zambiri adakazigulitsa ku America. Injini yake ndi ya masilinda anayi, ya 1798 cc, yotha kuthamanga liwiro lopitirirako mamailosi 100 pa ola. Popeza zidalipo zochuluka chotere, ndipo zipangizo zake zimapezeka, munthu wofuna kuphunzira ntchito yokonzanso galimoto kawirikawiri amayambira pa imeneyi.

Tsono tiyerekeze bambo wina wagula MGB yake, aikokera kunyumba. Mtima wake uli dyokodyoko. Akatseka maso akuiona kale ili yofiira psuu, ikunyezimira padzuwa, anansi akuima pamsewu kuiyang'ana. Nanga ayambire pati? Mtima umuuza kuti: yamba ndi utoto, gula mipando yatsopano, pukuta zitsulo zonyezimira. Izi ndizo zooneka, izi ndizo anthu amayamikira. Koma makolo athu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa galimoto imeneyi nyererezo zili ndi malo ake odziwika bwino, ndipo ndifuna kuti tiwamvetse.

Magalimoto akale a MG, monga MGA imene idatsogola, adali ndi mafupa a chitsulo cholimba pansi, ndipo thupi ankangolikhazika pamwamba pake. MGB siili choncho ai. Thupi lake lenilenilo ndilo mafupa ake: malata opindapinda owotchereredwa pamodzi ndiwo asenza injini, anthu ndi katundu. Ndipo popeza denga lake ndi nsalu chabe, palibe cholimbitsa kumwamba. Chimene chigwirizanitsa mutu wa galimoto ndi kumbuyo kwake makamaka ndi mitanda iwiri ya m'mbali, yodutsa pansi pa zitseko, imene Angelezi amaitcha sill. Mtanda uliwonse uli ngati bokosi lalitali. Kunja kuli lata limene maso amaona. M'kati mwake mwabisala lata lina loimirira, pansi pali lina lotseka, ndipo chakumkati kwa galimoto kuli linanso. Zonsezi zikagwirana, galimoto ili ndi msana. Inu amene mudamangapo nyumba ya mitengo mukudziwa bwino: khoma lingazire bwanji, chiswe chikadya nsichi ndi mzati, nyumbayo yatha.

Chiswe cha galimoto ndi dzimbiri. Nyengo yachisanu ku England amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Matayala amawaza madzi amcherewo pamodzi ndi matope, ndipo matopewo amakakhala kuseri kwa gudumu lakutsogolo, osauma. Timabowo totulutsira madzi pansi pa mtanda tikatsekeka, madzi amagona m'bokosimo chaka ndi chaka. Dzimbiri limayambira m'kati kutulukira kunja. Pamene tithuza tiyamba kuoneka pa utoto, m'kati mudaola kalekale. Anthu odziwa sayang'ana kuwala kwa utoto. Amayang'ana mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi. Akakweza galimoto pa jeke naona mpatawo ukusintha, kapena chitseko chikukana kutsekeka, amadziwa kuti msana wapindika. Ena amayendetsa maginito m'mbali mwa thupi. Pamene maginito akana kugwira, pamenepo palibe chitsulo, pali phala lomatira limene amakanika amati fila.

Apa, abale anga, bambo wathu uja wafika pa mphambano. Njira yoyamba ndi yaifupi. Angathe kugula lata lakunja lokha, nalivundikira pamwamba pa zoolazo, kumata fila m'mipata, kusalaza ndi kupaka utoto. Ntchito ya masiku owerengeka, ndalama zochepa, ndipo palibe mlendo angazindikire. Magalimoto ambiri amtunduwu adachitidwa zotere m'zaka zimene adali otsika mtengo, ndipo amene amawagula pambuyo pake amalira akang'amba lata lija napeza dzimbiri likuyoyoka ngati gaga. Koma ndalama si ndiyo nkhani yaikulu pano. Galimoto ya msana woola ikawombana ndi inzake imapindika pakati, pomwe pakhala anthu. Ngakhale malamba a pampando amadalira chitsulo chimene adamangidwapo. Chitsulocho chikaola, lamba sagwira munthu.

Njira yachiwiri ndi yaitali ndi yotopetsa. Asanadule kanthu, ayenera kuchirikiza galimoto pamalo osalala, ndi kuwotcherera chitsulo chopingasa pakhomo la chitseko, kuti thupi lisakhote pamene mtanda wachotsedwa. Agwire mbali imodzi yokha mpaka kuimaliza, inayo ikhale yomuyesera. Ndipo popeza mtandawo umapitirira kulowa kuseri kwa malata ophimba magudumu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ayenera kuchotsa kapena kudula malata abwinobwino kuti afike pa nsonga zake. Apa ndi pamene mtima umawawa: kudula chooneka chabwino pofuna kuchiza chobisika. Kenaka aboole mfundo zakale zowotcherera imodzi imodzi, adule choola chonse mpaka apeze chitsulo choyera, alowetse malata atsopano aliyense pamalo pake, akumayesa chitseko kawirikawiri. Potsiriza apopere phula loteteza dzimbiri m'kati mwa bokosilo, nasiye timabowo ta madzi tili totseguka. Masabata adzapita, mwina miyezi. Ndipo akamaliza, adzaphimba ntchito yonseyo ndi lata ndi utoto, kotero kuti palibe ndi mmodzi yemwe adzaiona. Mkazi wake akasuzumira m'garaja adzaona galimoto ili chimodzimodzi monga idaliri kale.

Mwina wina afunsa kuti: kodi boma silipima magalimoto? Funso labwino. Ku England, Scotland ndi Wales galimoto ikakwana zaka zitatu imayenera kupimidwa chaka chilichonse, pa mayeso otchedwa MOT, ndipo wopima amayang'ana dzimbiri m'malo osenza katundu ngati amenewa. Koma kuyambira mwezi wa May 2018, galimoto yopitirira zaka 40, imene sidasinthidwe kwambiri, siikakamizidwa kupita ku mayesowo. Popeza MGB yotsiriza idapangidwa mu 1980, pofika kumapeto kwa 2020 zonse zidali zitadutsa msinkhu umenewo. Lamulo likunenabe kuti mwini asunge galimoto yake ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo wofuna angathe kukapimitsa mwa kufuna kwake. Komabe taonani pamene nkhani yafika: woyang'anira wachoka pakhomo. Watsala munthu yekha m'garaja usiku, nyali ili m'manja, akuyang'ana dzimbiri limene iye yekha akulidziwa. Chimene adzasankha pamenepo chidzanyamula mkazi wake pa mpando wa kumanzere, kapena mdzukulu wake, kapena mlendo amene adzagula galimotoyo patapita zaka khumi, wosadziwa kanthu, wokhulupirira utoto.

Zobisika za m'garaja sizili m'mitanda mokha. Jeke ntchito yake ndi kukweza, osati kusunga. Munthu asalowe pansi pa galimoto popanda zochirikiza zachitsulo zolimba, pakuti jeke imagwa osachenjeza. Thanki ya petulo yopanda kanthu ndiyo yoopsa koposa, chifukwa mpweya wotsalamo umaphulika ndi kamoto kamodzi. Aichotse ndi kuiika kutali asanayambe kuwotcherera. Mabuleki ndi kilatchi zakale zingakhale ndi asbestos, amene dziko la Britain lidamuletsa kotheratu mu 1999. Fumbi lake silinunkha, koma limawononga mapapo patapita zaka zambiri, choncho salipemerera ndi mpweya. Injini yolira m'garaja yotseka imatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Ndipo garajayo yagundana ndi nyumba m'mene ana akugona.

Palinso dzimbiri lina, la m'banja. Ntchito yotere imadya ndalama ndi nthawi kuposa m'mene munthu adaganizira poyamba, chifukwa lata lililonse lochotsedwa limaulula vuto lina. Bambo amene ayamba kubisa malisiti, nauza mkazi wake theka la mtengo, akuchita m'nyumba mwake chomwe chija cha fila ndi utoto. Nchifukwa chake m'masamba a malonda mumapezeka magalimoto ogulitsidwa ali m'makatoni, ntchito italekezedwa panjira. Kuli bwino kukhala pansi awiri ntchito isanayambe, kuwerengera mtengo moona, ndi kugwirizana masiku a garaja ndi masiku a banja. Nthawi zina choona chimawawa: thupi laola kopitirira kuchiza. Pamenepo pali njira yoongoka, pakuti kuyambira 1988 kampani ya British Motor Heritage idayamba kupanganso matupi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zomwe zija za ku fakitale. Mtengo wake ngwokwera, ndipo wosautha aleke msanga, osadzinamiza. Komanso safunsa adadya phula. Alipo mabungwe a eni magalimotowa, monga MG Car Club imene idayamba mu 1930 ndi MG Owners' Club ya 1973, m'mene muli anthu amene adalakwitsapo kale, okonzeka kulangiza wophunzira. Kuitana wodziwa kuti adzayang'ane mfundo zako zowotcherera usanaziphimbe si manyazi ai.

Abale ndi alongo, ambiri mwa ife sitidzakhudza MGB m'moyo wathu wonse. Koma aliyense ali ndi mtanda wake wa pansi pa chitseko: mmisiri pa maziko a nyumba, telala pa msoko wa m'kati, wokonza njinga pa mabuleki a mwana wa sukulu, mphunzitsi pa phunziro limene palibe adzabwera kudzalimva. Mudzifunse usiku uno: kodi ntchito yanga imene anthu saona ingasenze munthu?

Tibwerere kwa bambo wathu uja. Tinene kuti adasankha njira yaitali, ndipo papita zaka zitatu. M'mawa wina wa dzuwa atulutsa galimoto, apinda denga, atsegulira mkazi wake chitseko. Chitsekocho chitsekeka ndi kamodzi kokha, mofewa, mpata wake uli wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anansi ayamikira utoto. Iye angomwetulira, pakuti akudziwa chimene chili pansi pa chigongono cha mkazi wake, ndipo angathe kuyendetsa mtima uli m'malo.