Chisipanishi: tsindikani pamalo pake

Mphindi zanga ndi zochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Ambirife Chisipanishi timakumana nacho ku mpira: Madrid, Ramos, Málaga. Dziwani kuti ife a Chichewa tili ndi mwayi. Malembo awo a liwu ndi asanu, a e i o u, ndipo amamveka pafupifupi ngati athu. Casa, kutanthauza nyumba, mungoti ka-sa basi. Bueno, kutanthauza chabwino, ali ndi maphatikizo awiri okha, bue-no, ndipo bue ameneyu ndi bwe yemweyu wa "bwera".

Pogawa maphatikizo pali kamsampha. Ife m ndi n timawakankhira kutsogolo: nyu-mba, chi-ma-nga. Iwo amawasiya kumbuyo: man-go, cam-po. Koma ch, ll ndi rr sadulidwa pakati: pe-rro (galu), ca-lle (msewu).

Nkhani yaikulu ndi ya potsindika. Pakamwa pathu panazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: chi-MA-nga. Nawonso amatero mawu akathera ndi lembo la liwu, n kapena s: RA-mos, Bar-ce-LO-na. Akathera ndi lembo lina lililonse, mphamvu imapita kumapeto: Ma-DRID, Ya-MAL. Malamulo ndi awiri omwewa.

Nanga kamzere kali pa Málaga kaja? Si kokongoletsa ayi. Kakukuuzani kuti mawuwa aphwanya lamulo, ndiye tsindikani pomwe kakhalapo. Ndi MÁ-la-ga, ngakhale lilime likufunitsitsa kunena ma-LA-ga. Martínez amathera ndi z, ndiye akanakhala Mar-ti-NEZ, koma kamzereko kabweza mphamvu pakati: Mar-TÍ-nez.

Mwina wina akuti, "Aaa, bola amve." Apa ndi pomwe ndikutsutsa. Papá ndi bambo anu. Papa ndi mbatata ya kachewere ku Latin America, komanso ndi Papa wa ku Roma. Hablo ndi "ndikulankhula", habló ndi "analankhula". Malembo omwewo, koma munthu wasintha, nthawi yasinthanso. Tangoganizani mukufunsidwa kuti wanena zimenezi ndani, inu n'kudziloza nokha chifukwa cha phatikizo limodzi!

Choncho polemba pa WhatsApp musamakasiye kamzereka. Pa mafoni ambiri, mukadina a osachotsa chala, á amatuluka yekha. Tulutsani mafoni tiyese pompano: lembani papá, kenako muwerengere mnzanu amene mwakhala naye pafupi.